Mphepo Zosalowa M'galasi

Ku Mangochi, pafupi ndi mtsinje wa Shire, kuli nyumba yaing'ono yosungiramo mbiri ya nyanja. Nkhani yaikulu kumeneko ndi ya sitima. Mu Ogasiti 1914 Guendolen ya Angelezi inawombera Hermann von Wissmann ya Ajeremani, ndipo mfuti yake ikadalipo pafupi ndi nsanja ya wotchi. Pomwepo amakumbukiranso anthu 145 amene anamira ndi Viphya mu 1946.

Mbiri ya sitima ili ndi mayina ndi zaka. Ya bwato inasungidwa pakamwa. Asodzi a m'nyanjayi, imene Amalawi amaitcha Malawi, Atanzania Nyasa, a ku Mozambique Niassa, ankadziwa mphepo iliyonse ndi dzina lake: mwera, mpoto, vuma, zambwe. Moyo wawo unkadalira kuzisiyanitsa, pakuti mwera ukakwiya bwato silibwerera.

Mayinawa anayenda ulendo wautali kuposa sitima zonse. Mchewa wa ku Chipata, ku Tete kapena ku Harare akamati kumwera ndi kumpoto, akutchula mphepo, ngakhale sanagwirepo nkhafi. Dzina loti Chinyanja nalonso limaloza kumadzi.

Koma vuma ndi zambwe zikuzilala, zasiyira malo kummawa ndi kumadzulo. Mfuti ikachita dzimbiri amaipaka utoto. Mawu akafa, palibe amalira maliro ake. Nkhalamba zimene zikusoka makoka m'mphepete mwa nyanja zikuwadziwabe, ndipo wozifunsa ayenera kufulumira.