Khobidi la M'kachitini ka Bambo

Bambo athu atamwalira, Allah awachitire chifundo, tinapeza kachitini pansi pa bokosi lawo la zovala. Munali makobidi obowola pakati a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, matambala angapo a 1971, ndi ndalama imodzi yamkuwa ya zilembo za Chiarabu. Imeneyi ndi pesa ya ku Zanzibar ya nthawi ya Sultan Barghash. Mbali imodzi ili ndi dzina la mfumuyo ndi pemphero loti Allah aisunge, mbali inayo ili ndi sikelo ndi chaka cha 1299 cha Hijra, chomwe ndi cha m'ma 1882. Bambo ankatiuza kuti agogo awo anailandira ku Nkhotakota. Pa zonse zomwe gogoyo anagwirapo ndi manja ake, chatsala n'chokhachi.

Zambiri mwa ndalamazo zinali zitachita zobiriwira. Tinachita zomwe aliyense wa kwathu kuno angachite: tinatenga khobidi limodzi n'kulikwecha ndi mandimu ndi phulusa ngati poto. Linawala ndithu, koma njovu ziwiri za pakhobidipo zinafufutika mizere, ndipo patapita masabata ochepa linada mawangamawanga. Mwayi wake, pesa ija tinali tisanaikhudze.

Apa m'pamene tinayamba kufunsa ndi kuwerenga, ndipo tinamva kuti kubiriwira kwa mkuwa kuli pawiri. Kwina n'kosalala, kolimba, kwa mtundu woderako. Kumeneku ndi khungu lomwe mkuwa umadzipangira pa zaka zambiri, ndipo limateteza chitsulo cha mkati. Osonkhanitsa ndalama zakale amalilemekeza, moti ndalama yopalidwa khunguli imatsika mtengo. Kwina n'kotuwa, kofumbutuka ngati ufa, ndipo kumatuluka m'timaenje. Kumeneku kumabwera mchere ukakumana ndi chinyontho ndi mpweya pa mkuwa, ndipo kumadya chitsulo osaleka. Kunyanja kuno chinyontho sichisowa, pomwe mchere umachokera ngakhale ku thukuta la zala zathu. Pesa yathu inali ndi timadontho titatu totere pafupi ndi sikelo.

Tinagula madzi osungunula aja othira m'batire ya galimoto, titafunsa kawiri kuti asatipatse asidi. Madzi a pachitsime kapena a pampopi amakhala ndi mchere wawo, n'chifukwa chake sayenera. Tinaviika pesa m'kapu yagalasi, n'kumasintha madziwo masiku awiri alionse. Tikaivuula, tinkatokosa ufa wobiriwira uja ndi kamtengo kotokosera mano, kenako n'kupukuta ndi mswachi wofewa. Singano, waya wotsukira mapoto, viniga ndi mankhwala owalitsira zitsulo tinaziika kutali. Pamene kadontho kamodzi kanakanirira, tinasakaniza soda wophikira ndi soda wochapira mofanana, magalamu 5 m'madzi okwana mamililita 100, monga amachitira osunga zinthu zakale. Msanganizo umenewu umakoka mchere wobisala m'timaenje, koma ungathenso kuyeretsa khungu labwino lija, choncho tinkayang'ana tsiku ndi tsiku.

Ntchitoyi inatenga masabata asanu ndi limodzi. Ana a ku madrasa, omwe timawauza kuti chilembo chimodzi sachiphunzira tsiku limodzi, akanatiseka akanaona mmene mtima wathu unkathamangira. Kawiri konse tinatsala pang'ono kudula ndimu.

Pomaliza tinaitsukuluza, n'kuiyanika padzuwa tsiku lathunthu kuti m'timaenje musatsale madzi. Tsopano ili m'kaenvulopu kapepala, m'botolo lotseka bwino, pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyontho tija timabwera m'mabokosi a nsapato. M'pulasitiki wofewa sitiikamo, chifukwa nayenso amabiriwitsa mkuwa pakapita nthawi. Mwezi uliwonse timatsegula n'kuyang'ana, tikuigwira m'mbali mokha, popeza ufa uja umatha kubwerera.

Pesayo siwala. Ndi yoderako monga tinaipezera, ndipo timaenje titatu tija tidzakhalapo mpaka kalekale. Koma dzina la Allah likuwerengeka, sikelo ikuoneka, ndipo mlongo wathu wa ku Salima atabwera pa Eid anatha kuwerenga yekha chaka chija. Khobidi la njovu lija sitinalitaye. Lili m'botolo lomwelo, m'kaenvulopu kakekake, kuti mwana amene adzalandire kachitini ka bambo pambuyo pathu adzaone kaye zomwe mandimu ndi phulusa zinachita.