Chigubu cha Ada

Mwezi wathawu ndinali kumudzi, kufupi ndi Chintheche, ndipo m'mamawa wina ndinadzutsidwa ndi kulira kwa injini pabwalo. Anali mwana wa mchemwali wanga, amene chaka chino wagula njinga yamoto ya mawilo atatu, ija yokhala ndi bokosi la katundu kumbuyo. Anali atapachira matumba a usipa wouma, ulendo wa ku Mzuzu. Ndinaizungulira njingayo kawiri, maso anga akufunafuna chinthu chimene nanenso sindinkadziwa kuti n'chiyani. Zingwe zinalipo, lona analipo, pampu ya mpweya inalipo. Kenaka mtima unandiuza: panalibe chigubu.

"Nanga mafuta apadera waika pati?" ndinamufunsa.

Iye anaseka mwaulemu. "Asibweni, zimenezo n'zakale. Mafuta ali m'njira monsemu. Akachepa ndikathira botolo limodzi pa Mpamba."

Anaponda giya, nazimiririka kuseri kwa mitengo ya mango. Ine ndinatsala chiimire, fungo la utsi lili m'mphuno. Ndinalowa m'kanyumba kosungiramo makasu, ndipo pakona, pansi pa ukonde wong'ambika, ndinachipeza chigubu cha bambo anga. N'chachitsulo, cha malita 5, utoto wake wobiriwira unasupuka, pansi pake dzimbiri linaboola. Nditatsegula chitsekerero ndi kununkhiza, ndinamva ngati fungo lija likadalimo, ngakhale papita zaka zoposa 20 chithiridwireni mafuta komaliza.

Bambo anga, amene tonse tinkawatchula kuti Ada monga mwa chizolowezi cha kwathu ku Utonga, anali mlangizi wa zaulimi. Njinga yawo inali Yamaha DT 125, yowonda, yaitali miyendo, yolira ngati njuchi zakwiya. Masiku amenewo njinga zamoto m'dera lonse la Chintheche, Bandawe ndi Kande unkatha kuziwerenga ndi zala: ya mlangizi, ya azaumoyo oyenda ndi sikelo ya ana, ya abusa kapena ansembe. Tinkadziwa mwini njinga pongomva kulira kwake ali kutali. Malo omwetsera mafuta analinso owerengeka, otalikirana, ndipo thanki ya njinga ya Ada sinkapitirira malita 10. Choncho ulendo uliwonse wautali unkayambira pa chigubu.

Ulendo wa mawa unkakonzedwa lero madzulo. Ada ankatulutsa chigubu padzuwa lolowa, n'kuchipukuta ndi kansanza. Pothira petulo sankadzaza mpaka kukamwa. Ankasiya mpata wa zala zitatu. Nditawafunsa chifukwa chake, anandiuza kuti petulo amafufuma akatenthedwa, ndiye ukamutsekera popanda popumira amafuna potulukira yekha. Pachitsekerero ankayala kapepala ka pulasitiki asanamange. Kenaka ankakulunga chigubucho m'chiguduli, n'kuchimangirira pa kaliyala ndi malegeni odulidwa ku chubu chakale, mbali yotalikirana ndi paipi ya utsi. M'kachikwama kapambali munkakhala botolo la oilo wa 2T, pulagi yapadera, masipanala awiri, fanulo, ndi kansalu koyera kosefera mafuta kuti mchenga wa kunyanja usalowe mu kabuleta. Ntchito yanga inali kugwira fanulo. Kwa mwana wa zaka 10, umenewo unali udindo waukulu kuposa kukhala wolemba maina a olongolola m'kalasi.

Chigubucho chinali ndi malamulo ake. Sichinkagona m'nyumba yogona anthu. Sichinkayandikira kukhitchini kapena koloboyi. Wosuta fodya ankauzidwa mosapsatira kuti aime patali. Amayi, amene pa zinthu zina ankatsutsana ndi Ada momasuka, pa nkhani ya chigubu anali mlonda wamkulu.

Zaka zimene ndimazikumbuka ndi mtima wonse ndi za kumapeto kwa m'ma 1980 mpaka kumayambiriro kwa m'ma 1990. Sikuti zinali zaka zofewa. Aliyense wa msinkhu wanga akudziwa kuti ku Mozambique kunali nkhondo, njanji za ku Beira ndi Nacala zinasokonekera, ndipo katundu wa dziko lino, kuphatikizapo mafuta, ankazungulira njira zakutali. Akuluakulu ankakamba zoti petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa ku Dwangwa, pa fakitale imene inayamba ntchito mu 1982, ndipo ife ana tinkanyadira kuti m'thanki ya Ada muli kachigawo ka nzimbe za kwathu konkuno. M'zaka zomwezo tizilombo ta kodikodi tinawononga chinangwa m'boma la Nkhata Bay. Kwa ife anthu a kondowole, chinangwa chikafa ndiye kuti mudzi wagwa. Alangizi ankayenda usana ndi usiku, kuona minda, kugawa mbewu, kulemba malipoti. Ada ankachoka nkhuku zisanatsike, n'kubwera nyali za asodzi zitayamba kale kuthwanima panyanja.

Tsiku lina la tchuthi ananditenga pa ulendo umene sindidzauiwala, wopita ku Usisya. Anthu ambiri ankapita kumeneko pa sitima ya Ilala, chifukwa njira yapamtunda inali yoopsa, koma Ada anali ndi minda yoti aone m'njira. Tinanyamuka kukali mdima. Tinadutsa mlatho wa Luweya nkhungu ili pamadzi, n'kulowa m'mitengo ya rabala ya ku Vizara, mmene anyamata ankaimirira m'mphepete mwa msewu kugulitsa mipira yopota ndi manja. Kuchokera ku Chintheche kukafika kufupi ndi boma la Nkhata Bay ndi makilomita pafupifupi 40, ndipo kuchoka apo kukwera ku Mzuzu ndi ena pafupifupi 50. Pa Mpamba tinagula nthochi. Msewu wakale uja unali wopapatiza ndi wokhotakhota, ndipo pa chikweza chilichonse ndinkamva chigubu chikundigunda pamsana, mafuta akuchita khuvukhuvu m'kati. Phokoso limenelo linkandikhazika mtima pansi ngati mawu a munthu wamkulu.

Ku Mzuzu Ada anadzazanso thanki, ngakhale inali isanathe. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno," anatero. Kenaka tinasiya phula n'kulowa njira ya fumbi yodzera ku Bula. Tinakwera, tinatsika, tinakweranso, mpaka nyanja inaonekera pansi patali, yobiriwira ngati chitenje chatsopano, ndi chigwa cha Usisya chitayalidwa m'mphepete mwake. Potsetsereka ndinatseka maso. Ada sanazimitse injini kuti apulumutse mafuta, monga ena ankachitira. Anati pa phiri lotere injini ndi buleki yachitatu, ndipo munthu amene wanyamula mafuta okwanira sakhala ndi chifukwa choseweretsa moyo.

Pobwerera, tili pakati pa chikweza, tinapeza bambo wina wazaumoyo akukankha njinga yake, thukuta lili kamukamu, bokosi la katemera litamangidwa kumbuyo. Anali atatembenuza kale kampopi ka mafuta kupita pa rizevu, ndipo rizevuyo inali itatha. Ada sanafunse zambiri. Anamasula malegeni, n'kundipatsa fanulo, ndipo tinathira theka la chigubu m'thanki ya mlendoyo. Bamboyo atatulutsa ndalama, Ada anakana.

"Ada, ndikubwezerani bwanji?" anafunsa bamboyo.

"Mudzathirire wina amene mudzamupeze panjira," anayankha.

"Yewu, Ada, yewu ukongwa," anatero, atagwira chipewa pachifuwa.

Madzulo ake ndinawafunsa ngati sanaope kuti ifenso atithera. Anandiuza kuti powerengera ulendo amawerengera magawo atatu: opitira, obwerera, ndi a munthu amene sanakumane naye. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, amatero akuluakulu, ndipo Ada mwambi umenewu ankaunyamula m'chigubu. M'mudzi mwathu anthu ankadziwa kuti ngakhale thanki itauma, pakhomo pa mlangizi pali malita 5 osakhudzidwa. Usiku wina wa mvula ya mwezi wa Malichi, mayi woyandikana nafe anagogoda, mwana wake atakomoka ndi malungo. Njinga inali itabwera ndi thanki yopanda kanthu. Chigubu chija ndicho chinawafikitsa ku chipatala cha Chintheche. Mwana ameneyo lero ndi bambo wa ana anayi, ali ndi bwato lake la injini ku Kande.

Sindidziwa tsiku lenileni limene zinthu zinatembenuka, chifukwa zinasintha pang'onopang'ono ngati madzi a nyanja akamakwera. Ada anapuma pantchito, njinga inabwezedwa, chigubu chinalowa m'kanyumba ka makasu. Kenaka kunabwera zaka za 2011 ndi 2012, pamene mafuta anasowa dziko lonse, magalimoto n'kumagona pamizere masiku angapo. Apo ndi pamene mawu oti chigubu anasintha tanthauzo. Kale ankatanthauza munthu wokonzekera. Tsopano anayamba kutanthauza kukankhana pa pampu, kubisa mafuta, ndi kugulitsa pamtengo wokwera kuseri. Vutoli litabweranso kuyambira mu 2022, bungwe loyang'anira za mafuta la MERA linaletsa kugula mafuta m'zigubu popanda chilolezo. Chifukwa chake n'chomveka, koma mtima wanga umawawa kuona chiwiya chimene chinali chizindikiro cha ulemu chikuyang'anidwa ngati cha wakuba.

Pakati pa zaka zomwezi njinga zamoto zinachuluka ngati nkhungu za panyanja. Zotsika mtengo zochokera ku China ndi ku India zinadzaza misika, anyamata a kabaza anasiya kupalasa n'kuyamba kuponda giya, ndipo za mawilo atatu zinayamba kunyamula usipa, makaka a chinangwa, njerwa ndi simenti. Pamodzi ndi njingazo panabwera timatebulo ta m'mphepete mwa msewu wa M5, pamene petulo amaikidwa m'mabotolo a zakumwa, kuwala padzuwa ngati uchi. Pa Tukombo alipo, pa Kande alipo, pa Chintheche, pa Mpamba, paliponse. Mnyamata amathira theka la lita, kunyamula munthu, kulandira ndalama, n'kuthiranso theka lina.

Apa ndiye pamene ndimadandaula. Mafuta a m'botolo sudziwa kumene achokera. Ena amathiramo palafini, ena madzi amalowamo, ndipo injini imafa isanakalambe. Mabotolo apulasitiki amakhala padzuwa tsiku lonse, pafupi ndi mbaula ya wokazinga tchipisi. Amene amanyamula mafuta apadera amawaika m'chigubu cha mafuta ophikira, chodzaza mpaka kukamwa, cholendewera pafupi ndi paipi yotentha. Ena amagona nacho m'chipinda chimodzi ndi ana. Ndipo mafuta akasowa m'dziko, timatebulo tija timauma tsiku limodzi, kapena mtengo umakwera kawiri, anyamata n'kumakankha njinga zodzaza katundu pa zikweza za ku Mzuzu. Wodutsa amangoliza hutala, chifukwa nayenso m'thanki mwake muli theka la lita lokha. Munthu sangagawe chimene sananyamule.

Ndinene chilungamo, za lero zili ndi ubwino wake. Mayi wodwala sadikiranso njinga imodzi ya mlangizi; foni imodzi yokha, kabaza wafika pakhomo. Usipa wa ku Kande umafika ku Mzuzu tsiku lomwelo. Msewu wa ku Mzuzu unakonzedwa, ndipo anyamata ambiri amene akanapita ku Joni, monga ankachitira agogo awo, akudyetsa mabanja ali pakhomo. Ndikudziwanso kuti mnyamata wopeza ndalama ya tsiku ndi tsiku sangakwanitse kugoneka malita 5 osagwira ntchito. Zonsezi ndikuzivomereza. Komabe ndikaika nyengo ziwirizi pa sikelo, mtima wanga umapendekera kumene kuli Ada atagwada pabwalo, akumanga malegeni, dzuwa likulowa kuseri kwa mapiri a Viphya. Nthawi imeneyo njinga zinali zochepa, koma aliyense wokwera ankanyamuka ataganizira ulendo wonse, kuchoka pakhomo mpaka kubwerera, ndiponso ataganizira mnzake.

Mwana wa mchemwali wanga anabwera usiku tsiku lija, mochedwa kuposa mmene ananenera. Pa Mpamba anapeza mabotolo atatha, ndipo anadikira maola awiri kuti wina abwere nawo kuchokera kuboma. M'mawa mwake ndinamuitanira m'kanyumba ka makasu, n'kumuonetsa chigubu cha agogo ake. Anachinyamula, nachitembenuza, naona pamene dzimbiri linaboola. Ndinamufotokozera za mpata wa zala zitatu, za kansalu kosefera, za mbali yotalikirana ndi paipi ya utsi, ndi za magawo atatu aja. Anamvetsera osaseka. Ndisanabwerere kutauni ndinamugulira chigubu chatsopano chachitsulo, chopangidwira mafuta, ndipo ndinamupempha kuti akafunse za chilolezo kuti azichinyamula mosabisa.

Kwa inu anyamata a njinga a m'mphepete mwa nyanja yathu, kuyambira ku Tukombo mpaka ku Usisya, pempho langa ndi ili. Mukamanyamuka ulendo wautali, makamaka ndi njinga yolemedwa ndi katundu, musadalire botolo la patsogolo limene simunalione. Dzazani thanki pamene mafuta alipo. Nyamulani apadera m'chiwiya choyenera, chomangidwa bwino, kutali ndi moto ndi kutali ndi pogona ana. Ndipo mukapeza mnzanu akukankha njinga pachikweza, imani mumuthirireko.