Mutu Wogwa Ngati Mphezi Si Hamala Ai

Kwathu kuno ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi, munthu akagwa mwadzidzidzi atagwira mutu, timafulumira kunena kuti amumenya hamala. Ine ndifuna kukuuzani, abale anga, cimene cimacitika m'mutu mwa ena a anthu otere.

Nonse mudziwa cubu ca njinga. Pamene pafooka pamatupa ngati cithuza, ndipo mukapopa kwambiri pamaphulika. Mitsempha yotengera magazi ku bongo imatero nayonso, ndipo cithuza cace madokotala amati aneurysm. Cikhoza kukhala zaka zambiri munthu osamva kanthu. Koma tsiku lophulika mutu umapweteka nthawi yomweyo ngati mphezi, khosi limauma, munthu amasanza, kapena kukomoka kumene.

Mlamu wanga, mai wa ana asanu, zinamgwera akusoka fodya m'cigafa, ine ndiri ku nchito ku Lilongwe. Anamgoneka m'nyumba masiku awiri namtema mphini, uku akuloza zala gogo wina wosalakwa. Tsiku lacitatu anatisiya ali pa ngolo kunka ku cipatala. Dokotala wina atamva m'mene zinayendera anandiuza kuti cithuza cikaphulika kamodzi cimakonda kuphulikanso m'masiku oyamba omwewo, ndipo kaciwiriko n'koopsa koposa.

Komatu cithandizo cace ciripo. Mu 1937 Dr. Walter Dandy wa ku Baltimore, ku America, anatsegula cigaza napana khosi la cithuza ndi kacitsulo. Mu 1990 Dr. Guido Guglielmi, Mtaliyana wogwira nchito ku Los Angeles, anayamba njira yosang'amba mutu. Amaboola pang'ono mtsempha wa pamwamba pa nchafu, nalowetsa kapaipi koonda, nakayendetsa m'kati mwa mtsempha kufikira m'mutu, akuona pa X-ray. Kakafika pa cithuza amakankhiramo tiwaya tofewa ta citsulo ca platinum. Tiwayato timapindana-pindana mpaka kudzaza, magazi amaundana pamenepo, basi khomo latsekeka. Mu 2002 kafukufuku wa odwala oposa 2,000 anaonetsa kuti, pa zithuza zoyenera njira zonse ziwiri, ocira bwino anacuruka mwa amene anaikidwa tiwaya.

Zithuza zambiri zimakhala pa mitsempha ikulu-ikulu ya pansi pa bongo, imene iri ngati mseu wa phula wodutsa pa Mponela. Koma zina zimabisala kutali, pa timitsempha tokhota-khota ngati tinjira tokwera phiri la Ntchisi. Kumeneko kale kapaipi kanali kubvutika kufika. Lero apanga tina toonda ndi tofewa koposa, ndipo timafika, ngakhale nchitoyo ifuna dzanja losanjenjemera, popeza khoma la mtsempha kumeneko n'lopyapyala. Nchito yotere imacitika pa zipatala zazikuru monga ca Groote Schuur ku Cape Town.

Kapena mudzati, "Cape Town n'kutali, nanga ife a pa khasu?" Zoona, koma ulendo wonse uyambira pa cipatala ca pafupi. A ku Dowa ndi ku Ntchisi akaona kuti nthenda yakula amatumiza wodwala ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene kuli makina ojambula m'mutu, ndipo ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuli madokotala ocita opaleshoni ya bongo. Wogonekedwa m'nyumba safika kuli konse.

Ndiponso zimene zimapopa ndi kufooketsa cubuco tizidziwa: BP yokwera ndi kusuta. Kafukufuku wa Boma wa 2009 anapeza kuti mwa akulu atatu ali onse m'Malawi, mmodzi ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sadzidziwa. Kuyezetsa sikupweteka, ndipo pa zipatala za Boma n'kwaulere. Amai, cepetsani mcere m'ndiwo. Abambo, fodya tizilima wa ku okushoni, tisamkoke tokha. Akakupatsani mapiritsi a BP musaleke cifukwa mwayamba kupeza bwino.

Tsono mnzanu akalira mutu wogwa ngati mphezi, musadikire kuti kuce. Funani galimoto usiku womwewo, mudzutse oyandikana nao akuthandizeni kunyamula. Zofunsana zonse mudzafunsana wodwalayo ali kale m'manja mwa dokotala.