Kalata ichoke kaye kwa abwana

Ndimagwira nchito yodzipereka pa wailesi ya m'dera kuno ku Kabwe. Malipiro palibe, koma pulogalamu ya Lachinayi ndi yanga. Mutu ndimasankha ndekha, mlendonso ndekha.

Tsiku lina ndinafuna kukamba za mtovu. Ife a ku Kasanda tinakulira m'fumbi la mgodi umene unatsekedwa mu 1994, ndipo fumbilo likali kulowa m'magazi a ana athu. Ndinaitana amayi ena a zaumoyo, a nchito ya boma, amene apima ana zaka zambiri. Tili panja anandifotokozera zonse bwinobwino: kuwaza madzi pabwalo kuti fumbi lisauluke, kubzala kapinga, kusambitsa ana m'manja asanadye. Nditawaonetsa maikolofoni, anabwerera m'mbuyo.

"Mwana wanga, ine ndine ndani? Kalata ichoke kaye kwa abwana."

Kalatayo sinabwere. Ndinalowa ndekha, n'kukamba nzeru zawo ngati zanga. Manyazi anandigwira.

Usiku tulo sitinabwere msanga. Ine wosalandira kanthu ndili ndi mawu pa nchito yanga, iwo olandira mwezi ndi mwezi alibe. Mu 2022 boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 ndi a zaumoyo oposa 11,000. CDF nayo inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni. Anthu alembedwa, ndalama zafika kumadera. Koma munthu akazolowera kuti nzeru zake zizidikira sitampa, amayamba kuzikayikira yekha. Amafika 08:00, amaweruka 17:00, mtima anausiya kunyumba.

Patapita miyezi, amayi aja anandiimbira okha. Abwana awo atsopano anali atawauza kuti, "Pitani amayi, za mtovu mumazidziwa kuposa ine." Anabwera, mawu akunjenjemera poyamba. Bambo wina wa ku Makululu ataimba kufunsa za mwana wake wokonda kudya dothi, anamuyankha mosazengereza, n'kumuuza kumene angakamupimitse. Potuluka anandigwira dzanja.

"Zaka zonsezi palibe anandifunsapo maganizo anga."

Malipiro awo sanakwere tsiku limenelo. Chinasintha ndi chakuti wina anawakhulupirira.

Ambiri a inu mukulemba makalata ofunsira nchito ya boma, ndipo ena mudzakhala mabwana. Mukadzakhala pampandopo, musadzaiwale kufunsa amene ali pansi panu kuti, "Nanga inu mukuganiza bwanji?" Akakuyankhani, muwalole akachite.