Jakisoni ndimayenda naye, koma nimu sindimunyoza

Kuno ku Bwanje anthu amanditcha "adokotala a ng'ombe", ndipo sindikana. Ku Mikolongwe, m'boma la Chiradzulu, ndinaphunzira makamaka za ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi nkhuku, ziweto zobweretsa ndalama pakhomo. Galu tinkamukumbukira nthawi ya katemera wa chiwewe. Koma ndikamapalasa njinga m'midzi ya m'mbali mwa msewu wa Balaka ndi Salima, kuchokera ku Sharpevale mpaka ku Kasinje, ndimapeza galu pafupifupi pakhomo lililonse. Ndi amene amauwa akuba akayandikira khola, ndiponso amapirikitsa anyani m'munda. Akadwala, mwini wake amayamba wayesa zomwe akudziwa, ine amandiitana pomaliza.

Matenda omwe ndimakumana nawo kwambiri ndi am'mimba. Ndikaona kagalu kotupa mimba, ubweya uli nyankhalala, nkhama zitayera, ndimadziwa kuti ndi njoka zam'mimba. Tiagalu tambiri timazitenga kwa make tisanabadwe kapena poyamwa. N'chifukwa chake mankhwala a njoka timayamba kupereka kagalu kakakwana milungu 2, n'kumabwereza milungu iwiri iliyonse mpaka miyezi 3. Galu wamkulu amamwa pakatha miyezi 3 iliyonse. Ena amasinja njere za papaya n'kuthira m'nsima. Sindiwadzudzula, koma ndimawauza kuti njerezo pazokha sizimaliza njoka.

Galu akatsekula m'mimba chifukwa chodya zowola kudzala, nthawi zambiri chithandizo chili pakhomo pomwepo: phala la mpunga lopanda mafuta, dzungu lophika, ndi madzi owiritsa okwana lita imodzi momwe mwasungunulidwa timasupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere. Zimasintha kagalu kakamasanza mosalekeza, kakutsekula magazi onunkha kwambiri. Kawirikawiri imeneyo imakhala parvo, ndipo phala silingakapulumutse. Kamafunika diripi ndi majakisoni msanga. Kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri, choncho chitetezo chenicheni ndi katemera, kuyambira kagalu kali ndi milungu 6.

Za zotupa ndinaziphunzira bwino pakhomo pa agogo ena aakazi. Galu wawo wamkazi ankadontha magazi kumaliseche, ndipo panali chotupa chofiira chamanthumanthu, chongokhudza pang'ono n'kuyamba kukha magazi. Mdzukulu wawo anali atapakapo kale oilo wakuda wa galimoto, ntchentche zili ng'waa.

"Adokotala, galu wangayu andilodzera," anatero.

"Ayi agogo, sanalodzedwe. Nthendayi amapatsirana agalu pokwerana, ndipo imachizika."

Chotupa chimenechi ndi khansa ya mtundu wachilendo. Tizidutswa take tamoyo timachoka pa galu wodwala n'kukamera pa mnzake, ndipo yakhala ikuyenda chonchi pakati pa agalu kwa zaka masauzande. Munthu sangaitenge. Mankhwala ake ndi vincristine, wobaya mumtsempha kamodzi pamlungu kwa milungu 4 mpaka 6. Ndi woopsa, akataikira kunja kwa mtsempha amawotcha mnofu, ndiye ndinapempha dokotala wamkulu wa ziweto kuti tigwire limodzi ntchitoyi. Mutu umodzi susenza denga. Agogo aja anagulitsa nkhuku kuti alipire. Mbali yawo inali kutsuka chotupacho ndi madzi ofunda a mchere, kumudyetsa galuyo usipa wosinja m'nsima kuti asafooke, ndi kumumangirira kuti asakumane ndi amuna. Pofika mlungu wachitatu magazi anasiya, ndipo pomaliza chotupa chonse chinaphwa.

Si zotupa zonse zimatha chonchi. Za m'mawere a galu wokalamba zimafuna opaleshoni zidakali zazing'ono. Zikafalikira, ndimamuuza mwini wake zoona: chomwe chatsala ndi kuchepetsa ululu, ndipo nthawi zina kumugoneka mwachifundo. Mawu amenewa amandilemera pakamwa mpaka lero, koma kumunamiza munthu kuti awononge ndalama pa galu amene sachira ndi kuba.

Pali zinthu zomwe ndimaletsa popanda kukambirana. Oilo wakuda ndi madzi a batire siziyenera kufika pabala. Panado amapha mphaka, ndipo Brufen amayambitsa zilonda m'mimba mwa galu. Ndimalimbikitsanso kufula agalu aamuna, chifukwa galu wofulidwa sayendayenda kukasaka akazi, ndiye nthenda yopatsirana pokwerana ija amaipewa.

Tsiku la jakisoni womaliza, agogo aja anandiperekeza mpaka panjira, galu wawo akutilondola pambuyo.

"Nanga masamba a nimu aja ndimamusambitsira utitiri, ndisiye?"

"Pitirizani, agogo. Kungoti mukaonanso magazi kapena chotupa, mutume mwana kwa ine tsiku lomwelo."