Wosapemphera Pakati pa Opemphera: Kalata kwa Mwana Wochoka ku Katawa

Katawa,
Mzuzu.

Wokondedwa mwana wanga,

Munthu wosakhulupirira kuti kuli Mulungu amakhala m'Malawi muno ngati mwana wamanzere pa mbale ya nsima: palibe lamulo lomuchotsa pamphasa, koma maso a onse amakhala pa dzanja lake. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse, 77 ndi Akhristu, pafupifupi 14 ndi Asilamu, ndipo awiri okha ndiwo ananena kuti alibe chipembedzo. Awiriwo akaphatikizidwa dziko lonse amaposa 350,000, kutanthauza kuti ndi ochuluka kuposa anthu onse amene anali mumzinda wa Mzuzu chaka chimenecho. Ena mwa iwo anangoleka kupita kutchalitchi, ena anasinkhasinkha mpaka kufika ponena kuti Mulungu kulibe. Mwana amene wafika pa ganizo lachiwirili, ngati iweyo, pamene akuchoka pakhomo pa makolo ake opemphera, ayenera kudziwa mwayi umene Akhristu amadya osauzindikira, chifukwa iye sapita nawo.

Mwayiwu ndi wakalekale. Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, n'kusamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 Dr Robert Laws anayamba kumanga ku Khondowe. Kumpoto kuno sukulu, chipatala ndi ntchito zolembedwa zinabwera m'thumba limodzi ndi Baibulo, mwakuti wophunzira ndi wopemphera anayamba kuoneka ngati munthu mmodzi. Lero likulu la Sinodi ya Livingstonia lili mu Mzuzu momwemuno. Chipatala cha Ekwendeni ndi cha St John's ndi za mipingo, ndipo zipatala za mipingo za m'bungwe la CHAM zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo chamankhwala m'dziko lino. Ntchito imeneyi yapulumutsa miyoyo yosawerengeka ndipo ndi yoyenera kuthokozedwa. Koma yachititsanso kuti makomo ambiri a maphunziro ndi a ntchito akhale m'manja mwa mipingo, ndipo pamalo ena otere kalata ya abusa imathandiza kutsegula chitseko. Wosakhulupirira alibe woti amulembere kalata yotero.

M'moyo wa tsiku ndi tsiku, mwayiwu umabisala m'tinthu ting'onoting'ono. Anthu akadziwana, funso lotsatira dzina ndi kwawo limakhala lakuti, "Mumapemphera kuti?" Wofunsayo saganiza n'komwe kuti yankho lingakhale lakuti kulibe. Mwini nyumba ya lendi amafunsa funsoli, apongozi amafunsanso, ndipo wotchula mpingo amayamba kukhulupiriridwa asanachite kanthu. Pa depoti, mlaliki amakwera basi isananyamuke, n'kuuza onse kuti atseke maso. Msonkhano wa kuntchito, wa komiti ya mjigo, ngakhale wa boma, umatsegulidwa ndi kutsekedwa ndi pemphero, ndipo wapampando amaloza aliyense kuti apemphere osayamba wamufunsa. Nyimbo ya fuko nayonso ndi pemphero. Khirisimasi ndi Pasaka ndi masiku a tchuthi cha dziko lonse. Mapemphero a usiku wonse amamveka pa zimkuzamawu mpaka tambala, ndipo woyandikana nawo akadandaula za phokoso amaoneka ngati akulimbana ndi Mulungu.

Kusukulu n'chimodzimodzi. Ana amayamba tsiku ndi pemphero pa asembule, ngakhale m'sukulu za boma. Mu 2000, boma la Bakili Muluzi litafuna kuika phunziro la zipembedzo zosiyanasiyana ndi makhalidwe m'malo mwa Bible Knowledge m'sekondale, mipingo inakana mwamphamvu, ndipo mapeto ake maphunziro onse awiri anatsala. Ana a chi Rasta anakhala zaka zambiri akubwezedwa m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo, kufikira mu 2023 pamene bwalo lalikulu ku Zomba linagamula kuti kuwabweza n'kuphwanya malamulo aakulu a dziko. Nkhani ziwirizi zimaonetsa kuti chizolowezi cha ochuluka chimatengedwa ngati lamulo mpaka wina atachifunsa.

Chopweteka kwambiri ndi mayina. Wosakhulupirira amatchedwa wachikunja, wotayika, wasataniki, mwinanso mfiti, chifukwa ambiri amaganiza kuti wosatumikira Mulungu ndiye kuti akutumikira wina. Akalemera amati wakhwima. Akadwala amati ndi chilango. Komatu anthu odziwika osapembedza m'dziko lino ndiwo akhala patsogolo polimbana ndi mantha a ufiti. George Thindwa, ndi bungwe la Association for Secular Humanism, anamenyera nkhondo agogo amene anatsekeredwa m'ndende chifukwa chonamiziridwa ufiti, pokumbutsa kuti lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Bungwe la Humanists Malawi, lotsogozedwa ndi Wonderful Mkhutche, lapitiriza kulankhula pa nkhani yomweyi. Chifundo, choncho, sichikhala m'mpingo mokha.

Pamene mwayi wa Mkhristu umaonekera kotheratu ndi pa matenda ndi pa maliro. Mkhristu akagona m'chipatala, amayi a Umanyano amabwera ndi phala ndi nyimbo. Akamwalira, kwaya imachezera pa siwa, akulu a mpingo amasonkhetsa chipepeso, abusa amalalikira, ndipo mtembo umaperekezedwa ndi nyimbo mpaka kumanda a ku Zolozolo. Wosakhala mu mpingo nthawi zambiri amaikidwa mwachinunu, ndipo manyazi ake amagwera abale otsala. Mpingo ndi nkhokwe ya ofedwa, ya odwala ndi ya alendo: Mkhristu wosamukira ku Zomba kapena ku Johannesburg amapeza abale Lamulungu loyamba lomwelo. Wosakhulupirira amafika kuchilendo wopanda nkhokwe imeneyi, ndipo ayenera kumanga yake.

Malamulo a dziko ali kumbali yake kuposa mmene ambiri amaganizira. Dziko la Zambia linalengezedwa ndi Frederick Chiluba mu 1991 kuti ndi la Chikhristu, koma malamulo aakulu a Malawi a 1994 sanena zotero, ngakhale andale amakonda kulitcha dziko loopa Mulungu. Gawo 33 limapatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo, chikhulupiriro ndi maganizo, ndipo gawo 20 limaletsa tsankho. M'khoti, mboni ikhoza kulonjeza kunena zoona popanda kugwira Baibulo. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa kwa DC ndi wa chikhalidwe mofanana ndi wa kutchalitchi. Malire aliponso: malamulo a milandu amaletsa kunyoza chipembedzo ndi kulankhula mwadala mawu opweteka munthu pa chikhulupiriro chake. Kutsutsa chiphunzitso n'kololedwa. Kutukwana opemphera n'kudziitanira mlandu.

Malangizo a munthu wotere amachokera pa zonsezi. Poyamba, asanamizire chikhulupiriro pofuna nyumba, ntchito kapena banja, pakuti bodza lotere limafuna kudyetsedwa Lamulungu lililonse, ndipo womanga naye banja ayenera kudziwa zoona chinkhoswe chisanachitike. Komabe si aliyense wofunsa amene ayenera kumva zonse: kwa munthu wongokumana naye m'minibasi, yankho lalifupi ndi laulemu limakwana. Akalozedwa kuti apemphere, apemphe mofatsa kuti wina atsogolere, ndipo ena akamapemphera akhale chete, chipewa chili m'manja. Asayese opemphera ngati mbuli, chifukwa ambiri mwa iwo chikhulupiriro ndicho chinawadutsitsa mu njala ndi m'maliro a ana awo.

Chachikulu n'chakuti asadzipatule. Maliro n'kulirana: azigona pa siwa, azipereka chipepeso, azithandiza adzukulu kumanda, aziyendera odwala, azilowa m'magulu osungitsa ndalama ndi m'zochitika za m'dera. Anthu amene amuona akusenza bokosi la mnansi wawo savomera msanga wina akamutcha wasataniki. Khalidwe lake lidzayang'anidwa kuposa la anzake, ndipo cholakwa chimene kwa Mkhristu chimatchedwa kufooka, kwa iye chidzatchedwa chipatso cha kusapemphera. Zimenezi n'zosalungama, koma kudziwiratu kumathandiza. Akasalidwa kusukulu kapena kuntchito chifukwa cha maganizo ake, asunge umboni ndipo akadandaule ku Malawi Human Rights Commission.

Makolo opemphera nawonso ali ndi gawo lawo. Sadzaleka kupempherera mwana wawo, ndipo iye alandire zimenezo ngati chikondi. Koma alibe ufulu womutchingira chakudya, fizi kapena dzina la mtundu pofuna kumukokera kutchalitchi, ndipo ndi udindo wawo kumuteteza pamene abale ndi anansi ayamba kumunong'ona. Mwana wochoka ku Katawa sabata ino adzapeza chipinda chake ndi mbale yake nthawi iliyonse akabwera, ndipo pakhomo pano palibe amene adzamufunse kalata ya mpingo.

Ndine,
Bambo ako.