Kukasaka Nessie ndi thumba lopepuka

Kuno ku Scotland kuli anthu amene Lachisanu likafika amalongedza tenti, tiyi wa m'fulasiki ndi magalasi oonera patali, n'kukakhala m'mbali mwa nyanja kudikira Nessie, chilombo chimene palibe anachigwirapo. Chaka chino ndinawatsatira koyamba ku Loch Ness, ndipo kunena mosabisa, mtima wanga unatsalira komweko.

Choyamba kundikondweretsa chinali mtengo wake. Basi yochokera ku Glasgow imafika ku Inverness pasanathe maola anayi, ndipo tikiti ukaigula msanga sipweteka m'thumba. Kuchokera pamenepo mudzi wa Dores, kumene nyanja yonse imaoneka m'litali mwake, uli pafupi. Lamulo la Scotland la 2003 limalola munthu kukhoma tenti m'malo ambiri a kutchire, bola asasiye zinyalala kapena kusokoneza eni malo. Buledi ndi mazira owiritsa ndinanyamula kunyumba. Kuyang'ana madziwo n'kwaulere.

Koma madzi ake, abale! Ndi akuda bii, chifukwa mitsinje imatsukiramo zomera zowola za m'madambo a kumapiri. Nyanjayi ndi yaitali makilomita pafupifupi 37, yopapatiza, koma yozama mamita 230, ndipo ili ndi madzi ochuluka kuposa nyanja zonse za ku England ndi Wales kuziphatikiza. Ukaima pagombe umamvetsa msanga chifukwa chake anthu amati pansipo pali chinachake. Ife amene tinakula tikumva za Napolo, izi sizitivuta kumvetsa.

Nkhani ya chilombochi ndi yakale. Buku lofotokoza moyo wa Columba woyera limati iye anathamangitsa chilombo cha m'madzi mu mtsinje wa Ness, m'zaka za m'ma 500. Koma mbiri inabuka mu 1933, msewu watsopano wa m'mbali mwa nyanja utangotsegula malo oonera, pamene nyuzi ya Inverness Courier inalemba zimene mayi Aldie Mackay anaona zikuvundula madzi. Chaka chotsatira Daily Mail inasindikiza chithunzi chotchuka chija cha khosi lalitali. Mu 1994 zinaululika kuti chinali chidole cha sitima yapansi pa madzi chomwe anachimata mutu.

Apa m'pamene anthu a gululi anandigwira mtima. Amene ndinakhala nawo pagombe sanabise za chinyengocho. Ndiwo ankachifotokoza bwino kuposa wina aliyense. Anandiuzanso za Operation Deepscan ya 1987, pamene mabwato anandandalika kusesa nyanja ndi makina a sonar, ndi za Pulofesa Neil Gemmell wa ku New Zealand amene mu 2018 anayeza DNA ya m'madzimo. Sanapeze chizindikiro cha chokwawa chachikulu, koma DNA ya mikunga inali mbwee. Ndiye kodi Nessie ndi mkunga wonenepa modabwitsa? Mtsutso umenewu unatha tiyi yense.

Kenaka anandiphunzitsa kuona. Bwato likadutsa m'nyanja yopapatiza chonchi, mafunde ake amatha kuyendabe bwatolo litazimiririka kale, ndipo patali amaoneka ngati malinunda akuda otsatizana. Chikuni choyandama, mbalame yothamanga pamwamba pa madzi, ngakhale mbawala ikusambira, zonsezi zanamizapo anthu. Wosaka weniweni amayamba wachotsa zimenezi chimodzichimodzi, amalemba nthawi, mphepo ndi mbali imene chinthucho chinalowera. Sindinadziwe kuti kukhala phee kuyang'ana madzi kungadzaze mutu chotere. Pagombe lomweli pali galimoto imene Steve Feltham amakhalamo; anasiya ntchito ndi nyumba mu 1991 kudzadikira Nessie, ndipo amaumba tizidole ta chilombochi n'kumagulitsa kuti apeze chakudya. Nditaona galimotoyo, kupirira kwake kunandipatsa ulemu.

Kutada, maso anatembenukira kumwamba. Ena osaka Nessie amakondanso za ma UFO, zinthu zouluka zosadziwika, ndipo tauni ya Bonnybridge pafupi ndi Falkirk yakhala ikutchuka nazo kuyambira m'ma 1990. Kutali ndi magetsi a m'tauni nyenyezi zinali waa. Mwadzidzidzi mzere wa timagetsi unadutsa mwakachetechete, kamodzi pambuyo pa kanzake, ndipo thupi langa lonse linachita tsemwe. Mnzanga wina anatsegula foni n'kundionetsa kuti anali masetilaiti a Starlink. Chimwemwe changa sichinachepe. Ndinaona ndi maso anga zinthu zopangidwa ndi anthu zikuuluka makilomita mazanamazana pamwamba pathu, ndipo ndinadziwa dzina lake.

Nessie sanatuluke. Komabe ndinabwerera nditapuma kwenikweni, nditapeza anzanga atsopano, ndalama ya lendi ili chikhalire. Ambiri a ife kuno timathera masabata m'mashifiti, ndipo dziko limene tikukhalamo timangolionera pawindo la basi ya kuntchito. Tisamadikire tchuthi chodula. Nyamulani jekete yochindikala, nsapato zosalowa madzi ndi mankhwala othamangitsa timaudzudzu ta m'chilimwe, itanani mnzanu mugawane tenti, mupite ku Dores. Mukakaona china chake chikuyenda pamadzi, lembani nthawi musanafuule.